MFUTI YAKALE YA CIPOLOPOLO CIMODZI: KODI NDI CUMA?

M'midzi ya Mfumu Yaikuru Nkomeshya, kum'mawa kwa Lusaka, kumene mseu waukuru wa ku Chipata uoloka mtsinje wa Chongwe, muli nyumba zina zosunga kamfuti kakale kuseri kwa citseko kapena pansi pa kama. Mwini wace anamwalira kale. Kamfutiko nkopepuka, mpope wace ngwoonda, ndipo kalowa cipolopolo cimodzi cokha pa nthawi imodzi. Anthu akacha thuthu, kutsata kachulidwe ka Cingelezi ka nambala yace, .22. Tsono kwamveka mbiri yakuti Azungu a ku Ulaya ndi ku Amereka agula mfuti zotere ndi ndalama zosawerengeka, ndipo mbiriyo yafika kumigodi ndi m'makomboni a m'tauni, kumene ana ndi adzukulu a eni mfutizo agwira nchito. Ena atumiza kale mau kumudzi kuti mfuti ya agogo isapatsidwe kwa munthu ali yense kufikira iwo atabwera. Abale amene anagawana mbuzi ndi njinga mwamtendere ayamba kukwinyirana nkhope cifukwa ca kacitsulo kamene kanaleka kulira kale kale.

Mbiriyo siiri yonama yonse. Alipodi anthu, maka maka ku Amereka ndi ku Mangalande, amene asonkhanitsa mfuti zakale monga momwe ena asonkhanitsira masitampa. Sazigula kuti akasakire nyama ai. Azigula kuti azipacike pakhoma, aziyerekeze ina ndi inzace, ndi kudziwa mbiri yace. Koma anthu amenewa salipira ukalamba. Mwala wa pa mtsinje ngwakale koposa mfuti iri yonse, ndipo palibe amene augula. Cimene iwo afuna ndico cinthu cosowa, cosaonongeka, cosasinthidwa, ndi codziwika kumene cinacokera. Mfuti zambiri za m'midzi zigwa pa mayeso amenewa, ndipo nkwabwino kuti mwini adziwe cifukwa cace asanakangane ndi mbale wace, kapena kukwera basi ya ku Lusaka ndi mtolo wautali m'khwapa.

Poyamba, mfuti imeneyi njotani? Cipolopolo ca mfuti yaikuru, monga .303 ya asilikari akale, ciri ndi fataki pakati pa thako lace, ndipo kamsomali ka mfuti kamenya pakati pomwepo. Ca thuthu ciribe fataki wooneka. Mankhwala oyatsa wonga anawathira m'kati mwa mkombero wa khoko lace, kuzungulira konse, kotero kuti kamsomali kamenya m'mphepete, kaphwanya mkuwa wofewawo, moto nubuka. Ndico cifukwa cace Angelezi aicha rimfire, ndiko kunena moto wa m'mkombero. Khoko lotere liyenera kukhala lopyapyala kuti liphwanyike msanga, ndipo cifukwa ca kupyapyalako silipirira wonga wamphamvu. Motero mfuti zace zikhala zazing'ono. Kamtobvu kamene katuruka m'mpope nkotambalala mamilimita 5.6 okha, ndipo kalemera magalamu osafika 3.

Nzeru imeneyi inayamba ku Paris mu 1845, pamene Louis-Nicolas Flobert anapanga kacipolopolo koombera cizindikiro m'nyumba, mwa masewera cabe. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku Amereka inathiramo wonga pang'ono nituritsa .22 Short, ndipo mu 1887 kampani ya Stevens inatulutsa .22 Long Rifle, cimene cikali kupangidwa kufikira lero. Popeza cipolopolo cinali cochipa ndi mfuti yace yosabvuta kupanga, mafakitale anazitulutsa monga makasu. Ku Amereka inali mfuti ya anyamata a pa famu, yophera agologolo ndi akalulu. Tate ankaigulira mwana wace kuti aphunzire kudekha, pakuti wokhala ndi cipolopolo cimodzi saombera cisawawa. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mtengo: cinthu cimene cinapangidwa cochipa, ca anthu wamba, ndi cocuruka, sicisanduka golide cifukwa cakuti zaka zapita.

Nanga bwanji pamudzi aciyesa cuma? Yankho lace liri m'mbiri ya dziko lino. Mfuti yoyamba kudziwika kwa Asoli inali ya gogodera, yothira wonga kukamwa, imene Acikunda ocokera ku Zumbo ndi ku Feira anakwera nayo m'zaka za m'ma 1800 pofuna minyanga ndi akapolo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti m'cigawo cacikuru ca Africa, m'mene muli dziko lino, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono zolowetsa cipolopolo kumbuyo, koma za gogodera zoyatsa ndi mwala, ndi wonga wamba. Boma la Kampani ya British South Africa, ndi Boma la Mfumu ya ku Mangalande limene linalowa m'malo mwace mu 1924, anasunga mtima womwewo. Munthu wakuda wofuna cifefe kapena raifulo anayenera kupempha kwa Bwana D.C., ndipo amene kawiri kawiri ankaloledwa ndiwo mafumu, aphunzitsi, makalaliki ndi akapitao. Cotero mfuti yotere inali ulemu waukuru pamudzi, woposa njinga ndi makina osokera. Ulemu umenewo ndi umene adzukulu akumbuka lero, nauyesa ndalama.

Thuthu zambiri zinabwera ndi Azungu: alimi a mapulazi ozungulira Lusaka, umene unakhala mzinda wa Boma mu 1935, amishoni, ndi anchito a kumigodi amene ankaombera cizindikiro pa masiku opuma. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ambiri pobwerera kwao anagulitsa katundu wao, ndipo mfuti zina zinatsala ndi anthu amene ankawagwirira nchito. Zina anagula m'sitolo amuna opuma nchito ku Broken Hill, ku Nkana kapena ku Roan Antelope, kuti akaingire apusi m'cimanga ndi kuphera nkhanga za ndiwo.

Dzina lopezeka kawiri kawiri pa mfutizi ndi B.S.A., kampani ya ku Birmingham imene inayamba mu 1861. Akuru akale alidziwa bwino cifukwa ca njinga zace, zimene zinali ndi cizindikiro ca mfuti zitatu zotsamirana. Ambiri anapalasa njingazo osadziwa kuti kampaniyo inayambira pa mfuti. Pa nkhondo ya Mabunu ya 1899 kufikira 1902 Angelezi anaona kuti anyamata ao sadziwa kulunjika, ndipo mkuru wa nkhondo, Lord Roberts, analimbikitsa kuti anthu wamba apange magulu ophunzira kuombera ndi tizipolopolo tochipa. Mfuti zakale za asilikari za Martini-Henry zinasinthidwa kuti zilowe .22, ndipo B.S.A. inapanga zace za mtundu wa Martini, zotsegula ndi cogwirira ca pansi, zolemera, za citsulo cabwino. Zimenezi osonkhanitsa azilemekeza ndithu. Nkhondo Yaciwiri itatha, kampani yomweyo inatulutsa Sportsman, yopepuka ndi yochipa, ya alimi. Panalinso za ku Amereka, za Winchester, Remington ndi Stevens. Za Mauser za ku Oberndorf, ku Germany, zimene zinapangidwa mwaluso ndipo zisunga mtengo. Ndi zambirimbiri za ku Belgium, zina zopanda ndi dzina lomwe la wopanga, zimene ngakhale ku Ulaya zigulidwa ndi ndalama zocepa.

Kuti kusowa ndiko kukweza mtengo kuoneka bwino pa mfuti ziwiri za fakitale imodzi. Winchester Model 67 inapangidwa kuyambira 1934 kufikira 1963, ndipo zinatuluka zoposa 380,000. Poyamba inagulitsidwa madola osafika 10. Ndi mfuti yolimba, yolunjika, yosabvuta kusamala. Koma popeza ku Amereka ziri mbwee, ngakhale yooneka bwino kawiri kawiri sipitirira madola mazana ocepa. Kampani yomweyo, kuyambira 1904 kufikira 1923, inapanga kamfuti kacilendo kochedwa Thumb Trigger, kamene kalibe cokoka ca pansi, koma kaombedwa potsindika ndi cala cacikuru kumbuyo. Anthu sanakakonde kweni kweni, ndipo kanatuluka pafupi 75,000 kokha. Lero osonkhanitsa akafunafuna, nalipira koposa cimene alipira pa Model 67, ngakhale posaka Model 67 ndiyo yabwino. Mfuti imene inakanidwa ikali yatsopano ndiyo yakwera mtengo.

Zoterezi siziri pa mfuti pokha. Wailesi ya sosipani, imene kampani ya Ever Ready inatulutsa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, inadzaza makomboni ndi midzi ya dziko lino. Itafika wailesi yaing'ono ya mabatire a toci, anthu anataya sosipani kudzala, ana nasandutsa mbale zace zidole. Amene anasunga yace yamphumphu ali ndi cinthu cimene nyumba zosungiramo zakale zikondwera naco, cifukwa anzace onse anataya zao. Mfuti palibe amene anaitaya kudzala.

Tsono wogula wodziwa akalandira mfuti m'manja, ayang'ana ciani? Asanacite ciri conse atsegula kumbuyo kuti aone ngati mulibe cipolopolo. Atatero awerenga zolembedwa pa mpope: dzina la fakitale, mzinda, mtundu wa mfuti, ndi tizizindikiro tating'ono timene munthu wamba angatiyese zipsera. Timeneti ndi zidindo za nyumba zoyesera mfuti. Ku Mangalande lamulo sililola kugulitsa mfuti isanayesedwe ndi cipolopolo ca mphamvu yoposa muyeso, ku London kapena ku Birmingham, kumene nyumba yoyesera inakhazikitsidwa mu 1813. Zidindozo zinasinthasintha ndi zaka, motero zinena msinkhu wa mfuti koposa pakamwa pa wogulitsa. Malemba BNP pansi pa cisoti cacifumu aonetsa kuti inayesedwa ku Birmingham mu 1955 kapena pambuyo pace. Malemba ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira ndi a ku Liège, ku Belgium. Mfuti imene pamudzi alumbira kuti inamenya nkhondo ya Ajeremani ya 1914 nthawi zina ipezeka kuti inapangidwa Hitler atafa kale.

Ayang'ananso nambala. Mfuti zambiri zochipa za ku Amereka, pamodzi ndi Model 67, zinatuluka m'fakitale zopanda nambala, pakuti lamulo la kumeneko silinaumirize nambala pa mfuti zotere kufikira 1968. Kusowa kwa nambala kotere si mlandu wa mwini. Koma pamene paoneka kuti nambala inalipo ndipo munthu anaipala ndi tupa, wogula woona mtima abweza mfutiyo msanga napukuta manja ace.

Pambuyo pace aloza mpope kumene kuli kuwala nasuzumiramo. M'kati muyenera kuoneka mizere yopota, imene izunguza cipolopolo kuti cipite molunjika. Apa ndi pamene mfuti zambiri zakale zifera. Mankhwala oyatsa a m'zipolopolo zakale ankasiya mcere m'mpope, mcerewo nukoka cinyezi, ndipo ngati mwini sanatsuke tsiku lomwelo dzimbiri linayamba kukumba timaenje. Zipolopolo zosasiya mcere zinayamba kugulitsidwa ndi Remington mu 1927, koma mfuti zimene zinaombedwa caka cimeneco cisanafike zambiri zinadyeka kale m'kati. M'dziko muno muli mdani wina amene a ku Birmingham sanamganizire: mabvu oumba ndi dothi, amene akonda kumanga nyumba yao m'kamwa mwa mfuti yopacikidwa. Munthu akaombera dothilo likali m'kati, mpope utupa pa malo amenewo. Ndico cifukwa cace wogula ayendetsa zala zace pa mpope wonse pang'ono pang'ono, monga mai apapasa mwana wodwala, kufuna cotupa cimene maso saciona. Ayang'ananso pakhomo polowera cipolopolo. Ana akamasewera ndi mfuti yopanda cipolopolo, kuikoka ndi kuiliza, kamsomali kamene kanayenera kumenya mkuwa wofewa kamenya citsulo ca pakhomopo, nikasiya kadzenje. Khoko liyamba kukanirira, ndipo mwini aligwepula ndi mpeni, naonjeza zipsera.

Koma cionongeko coposa zonse cicitika ndi manja a munthu wofuna kucita bwino. Mwana wa m'tauni akamva kuti mfuti iri ndi mtengo, aitenga, aikweca ndi sandipepa ndi phulusa kufikira citsulo ciwala ngati supuni, aipaka utoto wakuda wa njinga, ndi kuthira vanishi pa thendere. Poiona iye mwini akondwa. Wosonkhanitsa poiona agwira pakamwa. Kuda kobiriwira kumene fakitale inaika pa citsulo, ngakhale kwasuluka ndi kusanduka kofiirira, ndiko iye analikufuna. Ndipo sandipepa wacotsa kuda kumeneko pamodzi ndi zidindo zimene zikanacitira mfuti umboni. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogula zakale mwambi umenewu audziwa ngakhale sanaumvepo: mfuti ya zaka 80 yonyezimira ngati ya dzulo iwapatsa cikaiko. Yosakhudzidwa, ya mabala a ukalamba wace, ndiyo aikhulupirira. Cimene cicotsedwa ndi sandipepa pa ora limodzi palibe mmisiri angacibwezere.

Momwemonso ndi zokonza za pamudzi. Thendere likasweka, mwini analimanga ndi waya kapena ndi mphira wa cubu ca njinga. Ciswe cikalidya, mmisiri wa matabwa anasema lina la mlombwa. Kasipuring'i kakathyoka, wosula anadula kena ku citsulo ca galimoto yakufa. Ndipo pamenepa nkosadabwitsa, pakuti Asoli anali odziwika ndi kusungunula ndi kusula citsulo Azungu asanafike. Pa msika wa ku Ulaya zonsezi zigwetsa mtengo, cifukwa kumeneko afuna mfuti monga inaturukira m'fakitale, ndi msomali uli wonse wace womwe. Komatu kwa munthu wofuna kudziwa m'mene anthu a m'dziko lino anakhalira, thendere la mlombwa linena zambiri koposa la ku Birmingham. Lionetsa mudzi umene unali kutari ndi sitolo, ndi mmisiri amene anasunga cida ca mnzace camoyo zaka zambiri ndi tupa ndi nyundo. Mtengo umenewu ulipo ndithu, koma suli wa madola.

Pali mfuti zina zofanana ndi thuthu koma za kamwa lokulirapo, zolembedwa .25 Stevens kapena .32. Zipolopolo zace sizipezekanso m'masitolo. Mwini asayese kulowetsamo cipolopolo ca mtundu wina, ngakhale cioneke ngati cikwana.

Cotsala ndico mbiri ya mwini, ndipo ici cikhoza kuposa zonse zachulidwa. Theodore Roosevelt, atatsiriza nchito ya Pulezidenti wa Amereka, anabwera kudzasaka kum'mawa kwa Africa mu 1909, ndipo mwa mfuti zace munali cifefe ca kampani ya Fox. Mu 2010 cifefe cimeneco cinagulitsidwa pa okushoni madola 862,500. Cinali cifefe cokongola, inde, koma cimene cinakweza mtengo kufika pamenepo ndi dzina la Roosevelt, ndi makalata otsimikiza kuti cinalidi cace. Mbiri yopanda pepala wogula aimvera mwaulemu, koma sailipira. Munthu ali yense akhoza kunena kuti mfuti iyi anapatsa agogo ndi Bwanamkubwa.

Pamenepa mabanja a kwa Nkomeshya ali ndi mwai umene sauona. M'masutikesi akale muli timabuku ta laisensi, malisiti a msonkho wa mfuti okhala ndi cidindo ca Boma, makalata a cilolezo a Bwana D.C., ndi zithunzi za mwini ataima ndi mfuti yace pa khonde. Mapepala amenewa ngosowa koposa mfutiyo. Winchester inapanga Model 67 mazana a zikwi, koma kalata yoloreza mphunzitsi wa ku Chalimbana kukhala ndi raifulo m'masiku a Northern Rhodesia ingakhale imodzi yokha pa dziko lonse lapansi. Mfuti ndi mapepala ace pamodzi ndi cinthu coyenera kuonetsa kwa osunga zakale a ku Livingstone Museum kapena ku Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. Nyumba zimenezi si masitolo, ndipo munthu asapiteko ndi mtima wa malonda. Adziwenso kuti lamulo la 1989 loteteza zinthu zakale za dziko likhudza zinthu za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa nchito m'Zambia 1 January 1924 lisanafike, ndipo zotere sizituruka m'dziko popanda cilolezo. Thuthu zambiri nzaposacedwa koposa pamenepo, koma mfuti za gogodera zambiri nzakale ndithu.

Nanga mtengo umene mdzukulu auona pa lamya yace, wa okushoni ya ku London kapena ku Texas? Umenewo ndi mtengo wa kumeneko. Kuti mfuti icoke ku Chongwe ndi kufika pa tebulo la wogula wa kunja pafunika cilolezo ca dziko lino, cilolezo ca dziko lolandira, wamalonda wobvomerezeka mbali zonse ziwiri, ulendo wa ndege, ndi gawo la mwini okushoni. Pa mfuti wamba zolipira zimenezi zimeza mtengo wonse ndi kusiya ngongole. Wogula weni weni wa m'dziko muno ndiye mlimi, ndipo mlimi safuna mbiri, afuna cida. Akaona thuthu yakale ya cipolopolo cimodzi aiyerekeza ndi Brno ya ku Czechoslovakia, imene inyamula zipolopolo 5 pa nthawi imodzi, napereka ndalama zocepa. Wofuna kudziwa mtengo woona afunse kwa ogulitsa mfuti olembedwa ndi Boma ku Lusaka, ndipo afunse awiri, osati mmodzi.

Pamene pali mbiri ya cuma, akathyali sacedwa. Wina afika atabvala bwino, anena kuti ali ndi Mzungu wodikira ku hotela, koma pafunika kandalama koyesera citsulo ndi kolembera mapepala. Ndi nyimbo yomwe ija imene yaimbidwa pa nsimbi zakale za makala ndi ndalama za Ajeremani. Wina abwera ndi nkhope ya cifundo, nati mfuti iyi njakufa ndiponso idzakumangitsani, ndipatseni ndikakutayireni. Woopsya koposa ndi wacitatu, amene alipira bwino, usiku, wosafuna pepala liri lonse. Mfuti imeneyo ikadzagwidwa m'manja mwa wakuba, kapena pambali pa nyama yophedwa mobisa ku Rufunsa kapena m'nkhalango ya Lower Zambezi, apolisi adzatsegula buku lao, ndipo dzina lopezeka m'menemo lidzawatsogolera ku khomo la mkazi wamasiye.

Pakuti lamulo la mfuti la Zambia, Firearms Act, Cap. 110, lipereka laisensi kwa munthu mmodzi wochulidwa dzina, pa mfuti imodzi yochulidwa. Laisensi silowa m'masiye monga khasu ndi mbale. Mwini akamwalira, amene asunga mfutiyo m'nyumba aisunga wopanda cilolezo, ngakhale ali mwana wobadwa yekha, ndipo munthu asadzinyenge kuti ukalamba wa mfuti udzamcotsera mlandu. Njira yoongoka ndiyo kupita kupolisi wopanda mfuti m'manja, ndi kabuku ka laisensi ndi makalata a imfa, kukanena kuti kunyumba kuli cida ca womwalira. Iwo adzanena m'mene cisungidwire kufikira wolowa m'malo atapempha laisensi yace, kapena banja litagulitsa mwa lamulo. Kwa amene mapepala anatayika kale, ndi amene aopa, maiko a African Union anapangana mu 2017 kuti mwezi wa September ukhale mwezi wa cikhululukiro, pamene munthu akhoza kupereka mfuti yosalembedwa osaimbidwa mlandu, ndipo pangano limeneli analitalikitsa kufikira 2030. Wopereka mfuti mwa njira imeneyi asayembekeze kuionanso.

Za mwini watsopano ndizo zibvuta mabanja. Mwa mwambo wa Asoli, monga mwa Acewa ndi Ansenga, mtundu utsata kwa mai, ndipo cida ca mwamuna cinkapita kwa mphwace kapena kwa mwana wa mlongo wace, amene analowa dzina. Lamulo la 1989 la cuma ca masiye ca munthu wosasiya wilo ligawa mwa njira yina: magawo 50 mwa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene womwalira ankawasunga. Mfuti siduliza magawo. Motero muphwa aima pa mwambo, mwana aima pa lamulo, ndipo onse awiri aumirira cifukwa ayesa kuti alikulimbira cuma cambiri. Banja likayamba ndi kufunsa mtengo woona, mlandu kawiri kawiri ucepa wokha, pakuti ndalamazo zikagawidwa kwa onse oyenera, ali yense alandira zosakwanira ulendo umene anayenda kucokera ku Kitwe. Pamenepo akuru a banja akhoza kufunsa funso lina: mwa anthu awa, ndani ali wodekha, wa nyumba yokhoma, amene Boma lingamlole, ndi amene adzasunga mfutiyo pamodzi ndi mapepala ace?

Amene waloledwa kuisunga safuna zida zambiri. Apukute citsulo ndi kansaru ka mafuta opepuka, monga a makina osokera, kunja ndi m'kati, maka maka mvula isanayambe. Asaikulunge m'thumba la fetereza, pakuti mcere wotsalira m'menemo udya citsulo, ndiponso asaitsamize pa khoma la dothi pamene ciswe cifika. Aikhomere kwa yokha, ndi zipolopolo kwina. Asanaiombere, mmisiri wa mfuti ayambe waiona. Ndipo kusaka nayo, ngakhale nkhanga, kuli ndi laisensi yace ya ku nthambi ya Boma yosunga nyama za m'thengo. Kucepa kwa kulira kwace kusanyenge munthu: opanga zipolopolozi alemba pa mabokosi ao kuti nzoopsya kufikira mailosi imodzi ndi kupitirira, ndipo m'midzi ya ku Chongwe, m'mene nyumba zacuruka, mtunda wotere suli wopanda munthu.

Mwezi wa October, pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli asonkhana kwa Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971, kupempha mvula ndi kudalitsa mbeu, a m'tauni ambiri abwera kumudzi. Imeneyo ndi nthawi yabwino yakuti mdzukulu wodziwa kulemba akhale pansi ndi agogo akazi, ngati akalipo, awafunse mwaulemu, ndi kulemba m'kope: amene anagula mfutiyo, caka cace, sitolo kapena munthu amene anaigulako, ndalama zimene analipira, nchito imene ankagwira pa nthawiyo, ndi dzina la mmisiri amene anasema thendere. Akopere malemba onse a pa mpope monga aliri, ajambule zidindo ndi lamya yace, ndipo kopelo aliike pamodzi ndi malisiti akale m'cibekete ca citsulo cotseka bwino.